Peni ya inki ya m'thilanki ya agogo: musaitaye, musathamangile kuigulitsa

M'makomboni akale a mu Lusaka monga Libala, Chilenje, Kabwata ndi Matero, nyumba zambili zikali ndi thilanki yacitsulo pansi pa bedi. Mwini wake anali mphunzitsi, kalaliki wa boma, nesi kapena wa nchito ya ku njanji. Akamwalila, acibale amagawana zovala, wailesi, mipando ndi mapoto. Pansi peni-peni pa thilanki pamatsala masetifiketi, makalata ofiilila ndi kapeni kamene kanaleka kulemba kale-kale. Kawili-kawili kapeni kaja amapatsa mwana kuti azisewela nako, mwina kamapita ku dzala pamodzi ndi mapepala.

Ena amacita zosiyana ndi izi. Akangoona nibu yowala ngati golide, basi aganiza kuti apeza ndalama ya lendi ya caka cathunthu. Amajambula cithunzi, naika pa Facebook ndi mtengo woopsa, kapena amazula nibu kukagulitsa kwa ogula golide. Onse awili, wotaya ndi wothamanga, amaluza.

Ndatha masabata angapo ndikuzungulila m'mashopu a katundu wa sekondi wocokela kunja, pa matebulo a m'misika ndi m'nyumba za acikulile amene anandilola kutsegula mathilanki ao. Mapeni a Parker ndi Sheaffer, amene dzina lao limadziwika, ndinawaona ocepa. Ambili amene ndinagwila ali ndi maina amene ise a m'badwo wa bolopeni sitinawamvepo. Nkhani ya lelo ili pa mapeni amenewo.

Maina amene anaiwalika

Pa nthawi ya Northern Rhodesia katundu wambili wa m'masitolo ndi m'maofesi anali kucokela ku Britain ndi ku South Africa. Ndiye cifukwa cake mapeni akale amene mungapeze kuno ambili ndi a ku England. Mwana wa sukulu anali kuyamba ndi peni yoviika mu inki, pa desiki yokhala ndi kaboo koikamo kambale ka inki. Peni yosunga inki m'mimba mwake inali ya munthu amene wapita patsogolo m'maphunzilo kapena wayamba kulandila malipilo.

Dzina limene ndakumana nalo kwambili ndi Platignum. Anali kuipanga ndi a kampani ya Mentmore ya ku London, imene inayamba mu 1919. Inali peni yochipa, ya nibu yacitsulo, yopangila ana a sukulu ndi makalaliki. Ina ya ana a sukulu ndi Osmiroid, maka-maka ya nambala 65. Ubwino wake ndi wakuti nibu yake imamasulidwa ngati sikulu, ndipo mutha kuikapo ina yolemba mokhuthala kapena mopyapyala. Manibu a peni ya ku America yochedwa Esterbrook amalowanso bwino pa Osmiroid 65.

Pamwamba pa amenewa pali Conway Stewart, kampani ya ku London imene inayamba mu 1905 ndi kutsekedwa mu 1975. Mapeni ake ambili ali ndi maonekedwe a mawanga-mawanga obiliwila, ofiila kapena abuluu, ndipo nambala ya mtundu wake imalembedwa pathupi, monga 28, 58 kapena 388. Palinso Swan ya kampani ya Mabie Todd, ndi mng'ono wake wochipilapo wochedwa Blackbird. Burnham ndi ya ku London, Wyvern ya ku Leicester, Summit ya ku Liverpool. Yocokela ku Germany mungapeze Geha ya ku Hanover, imene ili ndi kabatani pansi pa nibu kotulutsa inki yosungila pamene yoyamba yatha. Ku India kuli Ratnam, imene inayamba mu 1932 mu tauni ya Rajahmundry, ndipo imadziwika cifukwa Mahatma Gandhi analembela mwini wake kalata yoyamikila mu 1935.

Ambili mwa makampani ang'ono-ang'ono amenewa anaphedwa ndi bolopeni. Bic Cristal itatuluka mu 1950, munthu sanafunikenso botolo la inki kapena pepala loumitsila zimene walemba. Swan inaleka kupangidwa cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Ici cikutanthauza kuti ngati muli ndi Swan yeni-yeni ya nthawi ija, yapitilila zaka 60, ndipo fakitale imene inaipanga kulibenso.

Nkhani ya Hero

Peni ina imene acikulile ambili amene ndinaceza nao anaikumbukila mosavuta ndi Hero ya ku Shanghai. Fakitale yake inayamba mu 1931, ndipo dzina lakuti Hero inalitenga mu 1966. Pamene njanji ya TAZARA inali kumangidwa, kuyambila mu 1970 mpaka 1975, katundu wa ku China analowa wambili m'masitolo a kuno ndi ku Tanzania, cifukwa ndalama zogulitsa katunduyo zinali kulipilila mbali ya nchito ya njanji.

Hero 616 imafanana kwambili ndi Parker 51, peni yochuka ya ku America imene inatuluka mu 1941. Zonse ziwili nibu yake ndi yobisika, kamangooneka kansonga cabe, ndipo kokolekela m'thumba kali ngati muvi. Apa ndi pamene anthu amanamizidwa. Pa tebulo lina m'tauni ndinaona peni yotele, wogulitsa nati: "Bosi, iyi ni Parker original, ni ya gold, gwilani mumvele kulema." Nditazungulitsa cotsekela, panali zilembo za Cichaina ndi nambala 616. Sindikhulupilila kuti mnyamata uja anafuna kundibela. Nayenso anangoona muvi.

Dziwaninso kuti Hero 616 ikali kupangidwa mpaka lelo, ndipo palinso mafeki ake ambili. Conco Hero siikhala yakale cabe cifukwa ndi Hero. Imene ili ndi mtengo wokwelelapo ndi Hero 100, cifukwa nibu yake ndi ya golide wa 14K. Koma ngakhale 616 wamba, ngati inalemba malipoti a sukulu a atate anu, si yotaya.

Moyang'anila peni musanagule kapena kugulitsa

Simufunika zida zodula. Kuwala kwa dzuwa la m'mawa, nsalu yofewa ndi kamela ya foni yokulitsila cithunzi ndi zokwana.

Yambani ndi thupi la peni. Lizungulitseni pang'ono-pang'ono moyang'anitsa kuwala. Opanga ambili anali kudinda dzina lao, nambala ya mtundu ndi dziko pathupi pomwepo. Zilembo zikakhala zooneka bwino, ndiye kuti peni sinagwilidwe kwambili. Zikakhala zofufutika, yatumikila zaka zambili m'manja. Yelekezani dzina la pathupi ndi la pa nibu ndi la pa kokolekela. Akale anali kukonza zinthu m'malo motaya, motelo si zacilendo kupeza thupi la Burnham, cotsekela ca peni ina ndi nibu ya kwina. Peni yotele ingalembe bwino, koma wosonkhanitsa mapeni sadzailipila ndalama yofanana ndi imene ziwalo zake zonse ndi za nyumba imodzi.

Kenako onani cotsekela, maka-maka m'mphepete mwa kamwa yake. Yendetsani cikhadabo mozungulila. Cikakodwa penapake, pali mng'alu. Mng'alu wa pamenepo umabwela cifukwa cokankhila cotsekela mwamphamvu kumbuyo kwa peni polemba, ndipo ndi wovuta kukonza. Onaninso mphete ndi kokolekela. Golide wa pamenepo ndi wongokutila pamwamba, ndipo akatha mumaona citsulo cofiilila ca pansi. Zimenezi zimatsitsa mtengo koma siziletsa peni kulemba.

Mtima wa peni ndi nibu. Ikulitseni ndi kamela ya foni. Nibu ili ndi timano tiwili, ndipo pansonga pa kalikonse payenela kukhala kampila kakang'ono ka citsulo colimba. Kampilako ndiye kamakhudza pepala. Ngati kamodzi kanathyoka, peni idzakanda pepala ngati minga. Timano tiyenela kukhala tolingana, osati kena pamwamba kena pansi. Onaninso ngati pali mng'alu wocokela pa kaboo ka pakati pa nibu.

Welengani zolembedwa pa nibu. Zilembo 14ct, 14K kapena nambala 585 zisonyeza golide weni-weni, magawo 585 pa 1,000. Mapeni ambili a makampani ang'ono ali ndi nibu yolembedwa Warranted 14ct popanda dzina la kampani. Imeneyo ndi golide ndithu, yongogulidwa kwa opanga manibu. Koma mukaona mau akuti plated pafupi ndi nambala, ndi citsulo copakidwa golide pamwamba. Nibu yolembedwa Iridium Point Germany ndi yacitsulo, ndipo mau amenewo si umboni wakuti peni yonse inapangidwa ku Germany. Amapezeka pa mapeni ochipa ambili-mbili amakono.

Comaliza ndi momwe peni imamwela inki. Mapeni ambili a ku England ali ndi kacitsulo kopyapyala m'mbali mwa thupi. Mukakakweza, kamafinya kathumba ka mphila kali m'kati, ndipo mukakabweza kathumba kamayamwa inki. Njila imeneyi inachuka ndi Walter Sheaffer, amene anailembetsa mu 1908. Pambuyo pa zaka 50 kapena 60, mphila imauma nikhala ngati khungwa la mtengo. Conco kwezani kacitsuloko mwaulemu ndi cikhadabo. Kakakana, lekani pomwepo. Mukakakamiza mudzathyola kacitsulo kapena kung'amba thupi, ndipo vuto laling'ono lidzasanduka lalikulu. Gwedezani peni pafupi ndi khutu. Mukamva tizidutswa tikulila m'kati, ndi kathumba kaja kophwanyika. Musade nkhawa, cifukwa ici ndiye cinthu cosavuta kwambili kukonza.

Dziwani cimene anaipangila

Apa ndi pamene mapeni ambili amafela m'manja mwa anthu ofuna kuwathandiza. Munthu akapeza peni yakuda ndi litsilo, nzelu yoyamba ndi kuiviika m'madzi usiku wonse. Kwa mapeni ena, kumeneko ndi kuwapha.

Mapeni akale kwambili, akuda kapena ofiila, anapangidwa ndi mphila yolimba yochedwa ebonite. Mukaipukuta ndi cala mpaka itenthe pang'ono, imanunkha ngati tayala lopsa. Ebonite imadana ndi dzuwa ndi madzi. Ikakhala padzuwa nthawi yaitali, kapena ikaviikidwa, ukuda wake umasanduka wa khofi kapena wobiliwilila, ndipo subwelela wokha.

Ena ndi a celluloid, amene amakhala ndi mawanga okongola ngati a nkhanga kapena a mwala. Celluloid imagwila moto mwamsanga kwambili, motelo musayese kuifewetsa pa kandulo kapena pa mbaula. Sipiliti ndi mankhwala ocotsela penti wa ku zikhadabo zimaisungunula.

Woopsa kwambili ndi casein, pulasitiki yopangidwa kucokela ku mkaka. Burnham anaigwilitsila nchito kwambili, ndi Conway Stewart pa mitundu ina. Casein ikakhala m'madzi imafufuma nifewa, ndipo ikauma siibwelela m'maonekedwe ake akale. Popeza kusiyanitsa casein ndi celluloid ndi maso n'kovuta, lamulo labwino ndi ili: thupi ndi cotsekela musaviike konse. Pukutani ndi nsalu youma. Cimene cifunika madzi ndi nibu ndi kakuda kali pansi pake, kamene akatswili amati feed. Imikani peni m'kapu muli madzi ozizila ocepa, ongofika pa nibu cabe, kuti inki yakale isungunuke.

Madzi ambili a m'Lusaka, maka-maka a m'zitsime ndi m'maboho, ali ndi laimu wambili. Onani pansi pa ketulo yanu. Zoyela zimene zimamata m'ketulo zingamatenso mu timisewu ta inki. Gwilitsilani nchito madzi osefedwa, kapena madzi oyela aja othila m'batili ya motoka, koma muonetsetse kuti ndi madzi okha-okha, osati asidi.

Pa inki napo samalani. Inki ya pa sitampa ya mu ofesi, ya pulinta kapena yojambulila mapulani siyenela kulowa m'peni yotele. Ina mwa iyo imauma ngati guluu nitseka feed. Funani inki yolembedwa kuti ndi ya fountain pen. Quink ya Parker, imene inayamba kugulitsidwa mu 1931, ikali kupangidwa, ndipo yabuluu wamba ndi yofatsa pa mapeni akale. M'mwezi wa October musasiye peni yodzala inki m'motoka kapena pawindo. Mpweya wa m'kati ukatentha umakankha inki, ndipo mudzaipeza m'cotsekela kapena pa shati.

Golide wa pa nibu

Anyamata ogula golide wakale amadziwa kuti manibu ena ndi 14K. Koma nibu ya peni wamba yakale siikwana ngakhale gilamu imodzi, ndipo pafupi-fupi theka la kulemela kumeneko si golide. Ndalama imene mudzalandila ndi ya ndiwo za masiku ocepa. Cimene catsala m'manja mwanu ndi thupi lopanda nchito, cifukwa kupeza nibu ina yokwana pa Swan kapena Wyvern kuno kwathu ndi nkhani yaitali. Ndinaona mapeni atatu otele m'kabokosi kamodzi, onse okongola, onse opanda nibu. Amai a panyumbapo anandiuza kuti mdzukulu ndiye anazula.

Manibu a golide akale ali ndi cinthu cimene manibu ambili amakono alibe. Ena ndi ofewa, amatseguka pang'ono mukasindikiza potsika, natsekanso mukakweza dzanja. Ndiye cinsinsi ca kalembedwe kaja ka acikulile, kokhuthala apa, kopyapyala apo, kamene timakaona pa makalata akale. Osonkhanitsa mapeni amafuna-funa manibu otele. Poyesa, sindikizani pang'ono cabe. Ife amene tinakulila pa bolopeni dzanja lathu ndi lolemela, ndipo nibu ikapindika mopitilila siibwelela.

Nanga mtengo wake ndi wotani?

Funso la aliyense ndi lakuti, "Manje ni zingati?" Yankho likudalila zinthu zinai: dzina ndi mtundu, ngati ziwalo zonse ndi zake, ngati palibe mng'alu, ndi ngati ikulemba. Bokosi lake ndi kapepala ka malangizo zikakhalapo, mtengo umakwelako. Mtundu wa mawanga osowa umaposa wakuda wamba. Platignum ndi Osmiroid zinapangidwa zambili zedi, motelo sizidzakulemeletsani ngakhale zikhale zatsopano. Conway Stewart kapena Swan yabwino, ya nibu ya golide, ndiyo imakopa ogula.

Musakhulupilile mtengo woyamba umene mwaona pa intaneti. Munthu angalembe ndalama iliyonse imene afuna. Pa eBay pali posankha kuti muone zinthu zimene zinagulidwa kale. Lembani dzina ndi nambala ya peni yanu, muone ndalama imene anthu analipiladi. Kumbukilaninso kuti mapeni ambili okwela mtengo kumeneko anakonzedwa kale, ndipo ogula ambili ali kunja kwa dziko. Mukacotsapo zotumizila ndi zodula za pa webusaiti, cotsala cimacepa.

Kwa amene mufuna kuyamba kusonkhanitsa, apa ndi pamene pali mwai. Popeza aliyense amathamangila Parker ndi Montblanc, ndipo mafeki a Montblanc ali mbwee, mapeni a maina osadziwika amatsala pa tebulo pa mtengo wotsika. Palibe amene amataya nthawi kupanga feki ya Summit kapena Burnham. Mukaipeza, ndi yeni-yeni.

Kuiukitsa

Kusintha kathumba ka mphila si matsenga. Mbali yogwilila polemba imacotsedwa pathupi pambuyo poitenthetsa pang'ono ndi mpweya wofunda. Zotsala za kathumba kakale zimapalidwa. Kathumba katsopano kamadulidwa mulingo wake, nikamatidwa ndi shellac, ndipo kunja kwake amapaka talc wopanda mafuta onunkhila kuti kasamate. Supa guluu musamuyandikize, cifukwa wokonza wa m'tsogolo sadzatha kutsegulanso. Tumathumba tumagulitsidwa ndi manambala a ukulu, ndipo njila yosavuta ndi kuitanitsa pa intaneti kapena kutuma wacibale wobwela kucokela kunja.

Ndikayang'ana anyamata okonza mafoni ndi acikulile okonza mawochi m'tauni muno, ndimaona kuti manja ndi zida ali nazo kale: galasi lokulitsila, tozulila tating'ono ndi makina a mpweya wotentha. Cimene cifunika ndi kudziwa kuti peni siipilila kutentha kumene foni imapilila. Ngati cala canu sicingakhale pa mpweyawo, ndiye kuti peni nayo ikupsa.

Agogo anga aamuna anali aphunzitsi ku Eastern Province asanakhazikike ku Chilenje. Peni yao ndi Platignum yakuda, ya nibu yacitsulo. Pa msika wa osonkhanitsa ili pansi peni-peni. Koma nibu yake inadyeka mopendekela ku dzanja lao, moti ndikailembela ndiyenela kuigwila mmene iwo anali kugwilila, apo ayi imakanda. Amai anga atandiona ndikulemba nayo anaseka, nati ndakhala ngati atate ao akucongela mabuku.

Mapeni ambili a m'mathilanki ali ndi dzina la mwini wake lozokotedwa pathupi, nthawi zina ndi caka cimene anapatsidwa monga mphatso yopumila pa nchito. Kwa ogula akunja, dzina limenelo limatsitsa mtengo. Ena amalipala ndi sandipepa kuti peni igulike msanga. Musatelo. M'mabanja ambili a kuno, zithunzi za agogo ndi zocepa ndipo mapepala anadyewa ndi ciswe, motelo dzina la pa peni lingakhale limodzi mwa malo ocepa pamene munthuyo analembedwa.

Ngati muli ndi peni yotele, funsani acikulile amene akali moyo kuti inali ya ndani, anaipeza bwanji ndipo anali kugwila nchito kuti. Lembani mayankho pa kapepala. Cotsani inki yonse, kulungani peni m'nsalu ya thonje pamodzi ndi kapepalako, muisunge m'dilowa mopanda dzuwa ndi cinyezi. Mukadzaganiza zogulitsa, mudzagulitsa mukudziwa cimene muli naco m'manja, ndipo abale anu adzakhala atamva nkhani yake.